Kalasi ya 1971: Limbuli ndi nkhani yotuluka m'gulu la mayiko osaukitsitsa

Kwathu ndi ku Limbuli, kwa mfumu yaikulu Njema, m'boma la Mulanje. Kwa amene simunafikeko, mumatsata msewu wa M2 kupitirira pa boma la Mulanje, phiri lili kumanzere, minda ya tiyi uku ndi uku, mpaka mutatsala pang'ono kufika pa chipata cha Muloza. Kutsidya kwa mtsinje ndi Milange, m'dziko la Mozambique. Chimanga, nyemba ndi nandolo zimene zimawoloka pamenepo panjinga zimakadyedwa mpaka ku Blantyre.

Mu March 2023 mphunzitsi wathu wa zachuma anatipatsa ntchito yotsatira msonkhano wa United Nations umene unachitikira ku Doha, m'dziko la Qatar, kuyambira pa 5 mpaka pa 9 mwezi womwewo. Unali msonkhano wachisanu wokambirana za mayiko osaukitsitsa, amene pa Chingerezi amawafupikitsa kuti ma LDC. Nthawi imeneyo Malawi ndi amene anali wapampando wa gululi, choncho Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko, ankayankhula m'malo mwa mayiko onse 46. Sindinama, ndinanyadira. Mawu amene ankamveka kwambiri kumeneko anali akuti graduation, omwe aja timagwiritsa ntchito ife tikamaliza digiri. Dziko likakwanitsa zoyenera, limatuluka m'gululi ngati wophunzira amene wamaliza sukulu.

Sabata isanathe chitsekereni msonkhanowo, namondwe wa Freddy anafika kum'mwera kwa Malawi. Dera la Njema ndi limodzi mwa madera amene anavulala kwambiri. Napolo anatsika m'phiri ndi miyala ikuluikulu, midzi ina inakokoloka. Ine ndinatha masiku angapo ndikuyimba foni kumudzi, osapezeka. Abale anga anapulumuka, koma dimba la agogo la m'mbali mwa mtsinje linasanduka mchenga ndi miyala. M'dziko lonse, omwalira ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala.

Ntchito ya m'kalasi ija ndinailemba mochedwa, komanso mosalongosoka. Koma funso limene inandisiyira silinandichoke mpaka lero. Mayiko olemera akamalonjeza kuti athandiza dziko limene likutuluka m'gulu la osaukitsitsa, kwenikweni amapereka chiyani? Nanga mbiri ya thandizo limeneli ikutiuza chiyani ife amene takhala m'gululi kuyambira tsiku loyamba?

Mndandanda unayamba bwanji

M'chaka cha 1964, chomwe Malawi analandira ufulu wodzilamulira, ku Geneva kunachitika msonkhano woyamba wa UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda ndi chitukuko. Mayiko amene anali atangotuluka mu utsamunda ankadandaula kuti amagulitsa zokolola ndi miyala motchipa n'kumagula katundu wa m'fakitale modula. M'kukambirana kwa zaka zotsatira zinaoneka kuti ngakhale pakati pa osauka pali ena otsaliratu, amene sangapindule ndi mwayi wa malonda woperekedwa kwa onse mofanana.

Mu November 1971 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza mndandanda woyamba wa mayiko 25. Miyeso inali itatu: ndalama zimene dziko limapanga zikagawidwa kwa munthu aliyense zisapitirire madola 100 pachaka, katundu wa m'fakitale asapitirire magawo 10 pa 100 a chuma chonse, ndipo akuluakulu odziwa kulemba ndi kuwerenga asapitirire 20 pa 100. Malawi analipo. Anzathu a m'kalasi imeneyo anali monga Botswana, Lesotho, Tanzania, Uganda, Rwanda, Burundi, Ethiopia, Haiti, Nepal, Laos, Bhutan, Maldives ndi Samoa.

Cholinga chinali choti mndandandawu uzichepa. M'malo mwake unakula mpaka kufika pa 50. Mozambique analowa mu 1988 nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Zambia, amene pa ufulu wake ankawerengedwa ngati dziko lolemera chifukwa cha kopa, analowa mu 1991. Zimbabwe atauzidwa mu 2006 kuti akuyenera kulowa, anakana. Misonkhano ikuluikulu inachitika pafupifupi zaka khumi zilizonse: ku Paris mu 1981 ndi 1990, ku Brussels mu 2001, ku Istanbul mu 2011, kenako ku Doha. Pofika kumapeto kwa 2024 mayiko otsala pa mndandanda anali 44, ndipo 32 mwa iwo ndi a mu Africa.

Limbuli m'zaka zimenezi

Agogo anga aakazi anayamba kuthyola tiyi mndandandawu usanalembedwe, ndipo anasiya uli chikhalire. Makolo awo anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ali m'manja mwa azungu a maesiteti, ndipo kuti apatsidwe pokhala ankagwira thangata. Tiyi wa malonda anali atayamba kale m'boma lathu, pamene Henry Brown anabzala ku Lauderdale mu 1891. Choncho pamene United Nations inkatiwerenga m'gulu la mayiko opanda mafakitale, Mulanje anali atagulitsa tiyi kunja kwa zaka zambirimbiri. Chimene chinalipo n'chakuti tiyiyo ankachoka m'matumba akuluakulu, kukasakanizidwa ndi kupakidwa m'mapaketi kwina, ndipo phindu lalikulu linkatsala komweko. Mpaka lero tiyi wathu wambiri amachoka motero, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe.

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inafika pakhomo pathu. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka, katundu wa Malawi n'kuyamba kuzungulira njira zazitali zodula mpaka ku Durban. Othawa nkhondo anadzaza maboma a m'malire kuphatikizapo Mulanje, ndipo m'dziko lonse anafika pafupifupi 1 miliyoni pamene Amalawi enieni tinali cha m'ma 8 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992 ambiri anabwerera, ndipo njira zimene ankathawira zija ndi zomwe lero zimadutsa njinga za chimanga. Amalume anga analera ana awo ndi njinga yotere, matumba awiri kapena atatu pa ulendo umodzi.

Ndafotokoza zimenezi kuti tione kuti umphawi wa dziko ngati lathu uli ndi mizu yake: malo, nkhondo ya mnansi, kutalikira nyanja yamchere, ndi chuma chozolowera kutumiza kunja zinthu zosakonza. Thandizo lililonse tiziliyeza poona ngati linakhudza mizu imeneyi.

Kukhala pa mndandanda kumapindulitsa chiyani

Mwayi woyamba ndi wa malonda. Mu 2001 European Union inakhazikitsa dongosolo la Everything But Arms, lolola mayiko osaukitsitsa kugulitsa katundu aliyense ku Ulaya popanda msonkho ndi popanda malire, kupatula zida za nkhondo. Shuga, mpunga ndi nthochi anazitsegulira pang'onopang'ono, ndipo shuga anamasuka kwathunthu mu 2009. Mayiko ena monga China, Japan ndi Canada alinso ndi madongosolo ofananako.

Wachiwiri ndi thandizo la ndalama. Ku Paris mu 1981 mayiko olemera analonjeza kupereka 0.15 peresenti ya chuma chawo kwa ma LDC, kenako anakweza kuti ifike mpaka 0.20. Kunena mosavuta, pa K1,000 iliyonse apereke K1.50 kapena K2. Mayiko ochepa monga Luxembourg, Sweden, Norway ndi Denmark akhala akukwanitsa zaka zambiri, koma onse pamodzi sanafikepo. Zaka zambiri amathera cha pa 0.1 kapena kucheperapo.

Wachitatu ndi kumasulidwa ku malamulo ena a World Trade Organization. Lofunika kwambiri ndi la umwini wa luso lopangira mankhwala: ma LDC saumirizidwa kuteteza umwini umenewu mpaka mu January 2033, kutanthauza kuti akhoza kupanga okha mankhwala amene kwina ndi oletsedwa kukopera. Palinso thumba la ndalama zothandizira ma LDC pa kusintha kwa nyengo, limene linakhazikitsidwa mu 2001, Technology Bank imene inatsegulidwa ku Gebze m'dziko la Turkey mu 2018, kuchepetsedwa kwa ndalama zosonkha ku United Nations, ndi matikiti a nthumwi zopita ku misonkhano.

Nditawerenga mndandanda umenewu ndinafuna kudziwa kuti tiyi wa kwathu amapindula zingati. Yankho linandidabwitsa. Tiyi wakuda amalowa ku Ulaya popanda msonkho posatengera kumene wachokera. Wa ku Kenya, wa ku India, wa ku Sri Lanka, onse amalowa mofanana ndi wathu. Choncho kwa mayi wothyola tiyi ku Limbuli, kukhala LDC sikunawonjezere tambala pa dengu lake, ndipo Malawi atatuluka mawa sangataye kanthu pa msonkho wa tiyi. Zimene zimapindula kwenikweni ndi fodya ndi shuga. Nayenso shuga phindu lake linaphwa tili mkati momwemo: kuyambira 2006 Ulaya anatsitsa mtengo umene ankagulira ndi 36 peresenti, ndipo mu 2017 anachotsa malire a shuga amene alimi ake angapange.

Tsopano tiyerekeze ndi Bangladesh, amene analowa pa mndandanda mu 1975. Zovala zambiri zimalipira msonkho wa pafupifupi 12 peresenti polowa ku Ulaya. Bangladesh anaona mpata umenewo n'kumanga mafakitale osoka zovala amene amalemba ntchito anthu mamiliyoni, ambiri mwa iwo amayi, ndipo zovala zimabweretsa ndalama zoposa magawo 80 pa 100 a malonda ake akunja. Anagwiritsanso ntchito ufulu wa mankhwala uja kumanga makampani amene amapanga pafupifupi mankhwala onse ofunika m'dzikomo. Sikuti zonse n'zokoma kumeneko. Mu 2013 nyumba ya Rana Plaza inagwa n'kupha antchito oposa 1,100. Komabe mwayi womwewo umene ife tinali nawo papepala, iwo anausandutsa ntchito. Ifenso tinapindula ndi mankhwala otchipa, makamaka ma ARV amene anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, koma tinapindula ngati ogula, opanga ali ku India.

Amene anatuluka, ndi thandizo limene anapeza

Kwa zaka 23 zoyambirira palibe dziko limene linatuluka chifukwa cha chitukuko. Woyamba anali Botswana mu December 1994. Pa ufulu wake mu 1966 Botswana anali ndi msewu wa phula wa makilomita ochepa chabe. Diamondi atapezeka ku Orapa mu 1967, boma la Seretse Khama linakambirana ndi De Beers mpaka kukhala ndi theka la umwini wa kampani ya migodi, ndalama zake n'kuziika m'misewu, m'sukulu, m'zipatala ndi m'thumba losungira mtsogolo. Botswana anatuluka nthawi imene panalibe dongosolo lenileni lothandiza otuluka. Anatulutsidwa ndi chuma chake chomwe, ndi kusamala kwake.

Dongosolo linabwera mu December 2004, pamene mayiko awiri a pazilumba, Cape Verde ndi Maldives, anali pakhomo. Onse ankaopa kuti kutuluka kudzawalanda misika ndi thandizo lisanakhwime chuma chawo. United Nations inagwirizana kuti dziko lizipatsidwa zaka zitatu zokonzekera, lizilemba ndondomeko yosinthira pamodzi ndi mayiko olithandiza, ndipo mwayi umene linali nawo uzichotsedwa pang'onopang'ono. Pa 20 December 2004 anavomereza kuti Maldives atuluke. Pa 26 December, patangopita masiku 6, tsunami anasefukira pazilumbazo n'kuwononga katundu wa mtengo woposa theka la chuma cha dzikolo cha pachaka. Tsiku lotuluka linasunthidwa, ndipo Maldives anatuluka mu January 2011. Cape Verde anatuluka mu 2007.

Nkhani yomweyo inabwerezeka. Samoa anakonzeka kutuluka, tsunami anafika mu 2009, tsiku linasunthidwa mpaka 2014. Vanuatu anakonzeka, namondwe wa Pam anafika mu 2015, tsiku linasunthidwa mpaka December 2020, ndipo anatuluka ali pakati pa mliri wa Covid-19 atangokanthidwanso ndi namondwe wina. Bangladesh, Nepal ndi Laos anapatsidwa zaka zisanu zokonzekera m'malo mwa zitatu chifukwa cha mliri womwewo, tsiku lawo n'kuikidwa mu November 2026. Angola, amene ankatuluka chifukwa cha ndalama za mafuta zokha, anasunthiridwa tsiku mitengo ya mafuta itagwa, mpaka mu 2023 nkhani yake inayimitsidwa kaye. Equatorial Guinea anatuluka mu 2017 ndi ndalama za mafuta, anthu wamba ambiri ali pa umphawi womwewo. Bhutan anatuluka mu 2023, São Tomé and Príncipe mu 2024.

Chitsanzo chapafupi ndi Zambia. Mu 2021 anapezeka kuti wakwanitsa miyeso yotulukira kwa nthawi yoyamba, miyezi yochepa chabe atalephera kubweza ngongole yake ya kunja mu November 2020. Pa kuunika kwa 2024 anapezeka kuti sakukwanitsanso. Chaka chomwecho Tanzania, Uganda ndi Rwanda, anzathu a kalasi ya 1971, anakwanitsa kwa nthawi yoyamba.

Tikaika zonsezi pamodzi, thandizo lenileni la otuluka likuoneka motere. European Union imapitiriza Everything But Arms kwa zaka zitatu dziko litatuluka. Technology Bank ndi dongosolo lothandiza pa malonda la Enhanced Integrated Framework zakhala zikupitiriza kwa zaka zisanu. Ku Doha anakhazikitsa iGRAD, yopereka upangiri kwa mayiko amene akutuluka. World Trade Organization, mu 2023 ndi pa msonkhano wa ku Abu Dhabi mu 2024, inalimbikitsa mamembala ake kuti asachotse mwayi mwadzidzidzi, koma mawu ambiri ndi opempha, osakakamiza. Mwachidule, chimene dziko lotuluka limapatsidwa ndi nthawi ndi upangiri. Tsoka likagwa, limawonjezeredwa nthawi ina. Ndalama zatsopano zomangira chuma choti chipirire tsokalo ndi zochepa.

Ife amene tinaphunzira ndi ngongole ya boma tikudziwa mmene zimakhalira. Ukamaliza sukulu ndalama ya upkeep imatha, amakupatsa kanthawi kopumira, kenako kubweza kumayamba. Kanthawi kameneko ndi kabwino kwa amene wapeza ntchito. Kwa amene akuyendabe ndi envelopu m'tauni, n'kungochedwetsa tsiku lolira.

Nanga ife tili pati

Masiku ano miyeso ndi itatunso koma inasintha. Woyamba ndi ndalama za munthu aliyense pachaka, zimene pa kuunika kwa 2024 zinayenera kufika madola 1,306. Wachiwiri ndi wa umoyo ndi maphunziro: imfa za ana ndi amayi oyembekezera, kupinimbira kwa ana, omaliza gawo loyamba la sekondale, odziwa kuwerenga. Wachitatu ndi wa mmene dziko lingagwedezekere ndi ngozi za chuma ndi za chilengedwe. Dziko liyenera kukwanitsa iwiri mwa itatuyi pa kuunika kuwiri kotsatizana, ndipo kuunikako kumachitika zaka zitatu zilizonse.

Ndalama za Mmalawi mmodzi pachaka zili cha m'ma madola 600, pafupifupi theka la mulingo. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023 sikunathandize. Pa umoyo tayendapo ndithu, makamaka pochepetsa imfa za ana. Pa ngozi za chilengedwe mndandanda ukudziwika: Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, Freddy mu 2023, ndi chilala cha 2024 chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe anapeza kuti Freddy yekha anawononga zinthu za mtengo woposa madola 500 miliyoni.

Malonjezo sitinasowe. Masomphenya a Vision 2020, amene anakhazikitsidwa mu 1998, anati pofika 2020 tidzakhala dziko lopeza pakatikati. Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, akuti pofika 2030 tidzakhala titalowa m'gulu la opeza pakatikati la m'munsi. Nawonso a United Nations ku Istanbul anati theka la ma LDC lidzakhala litakwanitsa miyeso pofika 2020, ndipo sizinatheke. Ku Doha anati mayiko ena 15 pofika 2031.

Pali chinthu china chimene mbiri yathu imaonetsa, chomwe mabuku a graduation sanena kawirikawiri. Ife thandizo latithera kangapo konse popanda kutuluka m'gulu lililonse, komanso popanda zaka zitatu zokonzekera. Mu May 1992, patangopita miyezi iwiri chitulukireni kalata ya maepiskopi a Katolika, mayiko opereka thandizo anayimitsa thandizo la chitukuko pofuna kuti boma la Dr Kamuzu Banda lisinthe pa za ufulu wa anthu. Mu 2013 Cashgate itaululika anasiya kuthira ndalama m'bajeti, imene nthawi imeneyo inkadalira iwo pafupifupi magawo 40 pa 100. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro zinaima m'masabata ochepa, anzathu ena amene anali atangolembedwa ntchito n'kubwerera kunyumba. Pa nkhani ziwiri zoyambazo mlandu unali wathu. Pa yachitatu chiganizo chinapangidwa ku Washington pa zifukwa zawo. Koma zonse zikuphunzitsa chimodzi: dzina la LDC si chikole choti thandizo lidzakhalapo mawa.

Zimene ndikuganiza

Nditapita kumudzi patchuthi chotsatira Freddy, ndinayesa kufotokozera amalume nkhani yonseyi tili pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Ndiye mphwanga, zaka zonsezi tili m'kalasi imodzi, aphunzitsi ndi amene sakuphunzitsa, kapena ife ndi amene sitikumva?" Ndinaseka, koma funsolo ndi lomwe akatswiri amakangana.

Yankho langa n'lakuti mbali zonse ziwiri zili ndi mlandu, ndipo tisalole kuti wina abisale kumbuyo kwa mnzake. Mayiko olemera analonjeza K1.50 pa K1,000 zaka zoposa 40 zapitazo ndipo sanakwaniritse. Anatitsegulira misika ya zinthu zimene sitipanga, kwinaku akuika miyezo ya ukhondo ndi malamulo a chiyambi cha katundu amene kampani yaing'ono ya ku Mulanje singawakwanitse popanda labotale ndi magetsi odalirika. Utsi umene ukutenthetsa nyanja ndi kulimbitsa anamondwe ngati Freddy suchokera ku Limbuli. Thandizo loona la dziko limene likufuna kutuluka liyenera kuyamba dzikolo lisanafike pakhomo: magetsi, milatho yopirira madzi, ulimi wothirira, masukulu a ntchito zamanja, ndi ndalama zobwera msanga tsoka likagwa, zosakhala ngongole. Kusuntha tsiku la graduation pambuyo pa tsunami ndi chifundo, koma sikumanga mlatho.

Mbali yathu ndi yowawa kuinena. Botswana, Maldives, Samoa ndi Bhutan tinalembedwa nawo tsiku limodzi. Bhutan ndi dziko la mapiri lopanda nyanja ngati ife, ndipo anatuluka makamaka pogulitsa magetsi a m'mitsinje yake ku India. Rwanda anadutsa m'zoopsa za 1994 ndipo lero ali patsogolo pathu pa mzere. Ife tinali ndi mtendere zaka zonsezi. Ngongole zathu zambiri zinakhululukidwa mu 2006, ndipo lero tamiranso m'ngongole. Tinali ndi msika wa ku Ulaya wopanda msonkho kwa zaka zoposa 20, koma katundu wamkulu amene timatumiza ndi yemwe uja wa nthawi ya agogo: fodya, tiyi, shuga. Bangladesh akamadandaula za kutuluka amakhala ndi chifukwa, pakuti ali ndi mafakitale oti ataye. Ife mantha athu pa kutuluka ndi ochepa chifukwa mwayi wambiri sitinaugwire n'komwe. Pamenepo palibe chonyaditsa.

Ndiye kwa ife ophunzira ndi amene tangomaliza kumene, ndikuona ntchito zitatu. Yoyamba, tizifunsa mafunso enieni. Nthumwi zathu zikabwera ku misonkhano ngati wa ku Doha, tisamakhutire ndi zithunzi. Tizifunsa kuti pa mwayi wa malonda umene tili nawo, ndi uti umene makampani a kuno akugwiritsa ntchito, ndi uti ukungogona, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Ufulu wopanga mankhwala ukutha mu 2033. Kodi pofika chaka chimenecho tidzakhala titapanga chiyani? Amene mukufuna mitu ya kafukufuku wa chaka chomaliza, nayo imeneyo.

Yachiwiri, tiziyang'ana msika umene uli pafupi. Malonda a pa Muloza sanadikire chilolezo cha ku Brussels kapena ku Geneva. Chaka cha njala chimanga chimalowa, chaka china shuga, sopo ndi ziwiya za pulasitiki zimatuluka. Anthu a njinga aja akuchita kale zimene mapangano a SADC, COMESA ndi a msika umodzi wa Africa amalemba m'mabuku. Msika umenewu sudzatha tsiku limene tidzatuluke pa mndandanda. Chimene ukusowa ndi mosungira katundu, masikelo achilungamo, njira yosavuta yosinthira kwacha ndi metical, ndi malamulo osasinthasintha, osati lero kuloleza mawa kuletsa.

Yachitatu, tiziwerengera napolo m'mapulani athu. Mbiri ya Maldives, Samoa ndi Vanuatu ikuonetsa kuti dziko likhoza kukhoza mayeso onse n'kubwezedwa m'mbuyo ndi tsiku limodzi la madzi. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma anamondwe a masiku ano amayimba: a zanyengo anachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike. Chimene chinasowa ndi kothawira, njira zofikirako, ndi nyumba zomangidwa kutali ndi njira za madzi. Dziko limene likufuna kuchoka pa madola 600 kufika pa 1,306 silingathe kumamanganso mlatho womwewo zaka zitatu zilizonse.

Sindikunena kuti tithamangire kutuluka kuti tingochotsa manyazi. Equatorial Guinea watisonyeza kuti satifiketi yotere siidyedwa. Sindikunenanso kuti tikakamire pa mndandanda chifukwa cha matikiti a ndege ndi ngongole zofewa. Ndikunena kuti zaka zimene tili mkatimu ndiyo nthawi yathu yokonzekera, ndipo zoposa 50 zapita kale.

Dimba la agogo lija tinalichotsa miyala pang'onopang'ono ndi azisuweni anga, ina tinaisiya chifukwa sinkasunthika. Agogo anabzala chinangwa ndi mbatata m'mipata ya miyalayo, ndipo chaka chathachi anakolola. Nditawauza kuti ndikulemba za mayiko amene amamaliza sukulu ya umphawi, anandifunsa kuti Malawi ali folomu chani. Ndinawayankha kuti akadali ku pulayimale. Iwo anati, "Ndiye inu ophunziranu mumuthandize homuweki, mdzukulu wanga, ife tinachita mbali yathu ndi dengu kumsana."

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, makamaka anzanga a zachuma ndi a zamalamulo a malonda, ndikufuna kuwamva. Kuunika kwina kukubwera mu 2027, ndipo ndi bwino tidzakuwerenge tikudziwa chimene manambala ake akutanthauza kwa munthu wa pa Limbuli.